Ndalama zokonzera msewu wa m'dera: kodi poloti iliyonse ipereke mofanana?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Lilongwe. Anapempha kuti ndisatchule dzina lawo kapena dera lomwe amakhala, choncho ndizingoti Mayi. Nkhani yawo ili motere. Mumsewu wawo muli mapoloti 24 ndipo msewuwo ndi wotalika pafupifupi mamita 300. M'chilimwe ndi fumbi lokhalokha moti zovala zoyanika pachingwe zimafiira, m'dzinja ndi matope oti a kabaza amakana kulowamo. Anthu atatopa anasankha komiti, ndipo komitiyo inagamula kuti poloti iliyonse ipereke ndalama zofanana kuti msewu auyale timabuloko ta simenti tolumana tija ambiri amati ma pavers. Mayiwa ndi amasiye, amadalira penshoni, galimoto alibe. Bambo woyandikana nawo ali ndi nyumba za lendi 8 papoloti imodzi, komanso malole awiri onyamula mchenga omwe amagona pomwepo. Funso lawo ndi lakuti: "Kodi n'chilungamo kuti ine ndi bambo amenewa tipereke mofanana? Ndikadandaula, sanditenga ngati wodana ndi chitukuko?"

Mayi, zikomo pondikhulupirira. Kudandaula kwanu n'komveka ndipo musachite nako manyazi. Kugawana mofanana kumaoneka kwabwino chifukwa masamu ake ndi osavuta, mlembi amangogawa ndalama ndi 24 basi. Koma kufanana kwa nambala sikutanthauza kuti katundu walemera mofanana pamutu pa aliyense. Mumsewu wanu muli anthu omwe adzapindule kwambiri, muli omwe adzauwononge msanga, muli ndi inu amene mumauyenda wapansi popita kutchalitchi ndi kumsika. Kagawidwe koyenera kaziona zonsezi.

Tisanafike pa ndalama, pali chinthu chomwe sindinachione mu imelo yanu ndipo chikundidetsa nkhawa. Kodi komiti yapita kale kukhonsolo? Msewu umenewo si wanu anthu 24, ngakhale mutaukonza ndi ndalama zanu. Misewu ya m'malokeshoni imayang'aniridwa ndi khonsolo ya mzinda, yomwe lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 limaipatsa mphamvu zotolera msonkho wa malo ndi nyumba, uja timati city rates. Misewu ikuluikulu ili m'manja mwa Roads Authority, pomwe ndalama za misewu zochokera pa mafuta a galimoto ndi pa zipata zolipiritsa za Chingeni ndi Kalinyeke zimatoleredwa ndi Roads Fund Administration. Mabungwe awiriwa anakhazikitsidwa ndi malamulo a 2006. Ndikunena izi kuti mudziwe kuti popita kukhonsolo simukukapempha chifundo. Mumalipira kale msonkho, ndipo mtengo wa minibasi iliyonse yomwe mumakwera uli ndi kagawo ka misewu mkati mwake. Komiti ilembe kalata kudzera kwa khansala wa wodi yanu, ipemphe chilolezo cholembedwa, ipemphenso injiniya wa khonsolo kuti abwere adzaone malire a msewu ndi komwe madzi ayenera kulowera. Ifunsenso mosabisa mawu kuti khonsolo ingathandizepo chiyani, kaya makina osalaza, kaya makalavati, kaya kungoyang'anira ntchito. Ifunsenso za ndalama za CDF, thumba la chitukuko cha m'dera la phungu. Chilichonse chomwe chingachoke kumeneko chichepetsa zomwe inu mugawane.

Tsopano ku kagawidwe. Vuto ili si la kwathu kokha, ndipo mayiko ena analiika m'malamulo kalekale. Ku England ndi Wales, lamulo la misewu la 1980 limalola khonsolo kukonza msewu womwe sunakhale m'manja mwa boma n'kugawa mtengo wake kwa eni nyumba potengera kutalika kwa mbali ya poloti yomwe yayang'ana kumsewu. M'mizinda yambiri ya ku America amachitanso chimodzimodzi, ndipo wa poloti ya pakona nthawi zambiri amamuchotserako kuti asalipire misewu iwiri yathunthu. Ku Germany, msewu ukamamangidwa koyamba, eni mapoloti amatha kulipira mpaka 90 peresenti, khonsolo n'kulipira yotsalayo. Wina pamsonkhano wanu akhoza kubweretsa ganizo loyeza mipanda, makamaka ngati ali ndi m'bale ku UK. Ine sindikuona kuti njira imeneyo ingatithandize kwenikweni kuno. M'malokeshoni mwathu mapoloti ambiri anadulidwa ofanana kukula, koma za mkati mwa mpanda n'zosiyana kutalitali. Geti lina likatseguka mumatuluka gogo mmodzi ndi mdzukulu wake, geti linzake mumatuluka mabanja 8. Tepi yoyezera singaone zimenezo.

Chomwe ndingalangize n'chakuti ndalama zigawidwe pawiri. Theka loyamba aliyense apereke mofanana, chifukwa pali phindu lomwe limafikadi poloti iliyonse: fumbi litha, ambulansi idzafika pakhomo usiku wamvula, ndipo mtengo wa malo ukwera ngakhale kwa amene alibe njinga. Pamenepa, Mayi, inunso muli ndi gawo lanu ndipo ndikukhulupirira kuti simukulikana. Theka lachiwiri ligawidwe potengera mmene poloti imagwiritsira ntchito msewu. Banja lililonse lokhala papoloti liwerengedwe gawo limodzi, galimoto yaing'ono gawo limodzi, lole magawo atatu.

Tiyerekeze ndi manambala ongopeka kuti masamu aoneke, osati mtengo weniweni wa ntchito. Tinene kuti zonse zikufuna K24,000,000. Mwa njira ya komiti, aliyense apereka K1,000,000. Mwa njira inayi, theka loyamba la K12,000,000 likagawidwa kwa anthu 24 ndi K500,000 aliyense. Ngati magawo onse a mumsewu akwana 60, gawo limodzi likhala K200,000. Inu muli ndi gawo limodzi, ndiye mupereka K700,000. Bambo aja ali ndi mabanja 8, galimoto imodzi ndi malole awiri, magawo 15, ndiye apereka K3,500,000. Ndalama yonse ikwana chimodzimodzi, koma katundu wakhala pomwe pali msana woti n'kumunyamula.

Bamboyo akhoza kuwiringula pa nkhani ya malole, ndiye muwafotokozere mwaulemu chifukwa chake. Pakati pa 1958 ndi 1960, akatswiri a misewu ku Illinois m'dziko la America anayendetsa malole olemera mosiyanasiyana pamisewu yoyeserera usana ndi usiku kuti aone mmene msewu umathera. Anapeza kuti kulemera kwa pa ekiselo, chitsulo cholumikiza mateyala a mbali ziwiri, kukawirikiza kawiri, kuwonongeka kwa msewu kumawirikiza pafupifupi ka 16. Ndiye lole imodzi yodzaza mchenga ikadutsa kamodzi imasautsa msewu kuposa galimoto zing'onozing'ono zambirimbiri. Magawo atatu ndi kuwachitira chifundo ndithu. Malolewo akhudzanso zogula. Msewu wa galimoto zopepuka umatheka ndi timabuloko tochindikala mamilimita 60, koma pomwe padutsa malole pamafunika ta mamilimita 80 ndi maziko olimbirapo. Kusiyana kwa mtengo kumeneko kwabwera ndi iwo.

Za anthu a lendi ndinenepo mwachidule. Ndalama yomangira msewu apereke mwini poloti. Wa lendi akhoza kusamuka mwezi wamawa, msewu sangaunyamule. Landilodi amene ali ku Joni kapena ku Ireland alowetsedwe pagulu la WhatsApp, atumize yekha, asauze wa lendi kuti "ingoperekani tidzaonana." Anthu a lendi athandize pa zosamalira za tsiku ndi tsiku monga kuchotsa zinyalala m'ngalande.

Ndafika pa ngalande, ndipo apa ndichedwapo chifukwa ndinaziona ndi maso anga. Kumene ndimakhala tinasonkheranapo zaka zingapo zapitazo. Tinagula malole a dothi la gravel, tinalemba anyamata kuti alimwaze, ndipo kwa miyezi iwiri tinkayenda monyadira. Za madzi palibe amene anaziganizira. Mvula ya mu Januwale itabwera, madzi anatsata msewu womwewo popeza analibe kwina kolowera. Dothi lonse linakokoloka n'kukaunjikana pageti pa banja lomwe lili kumunsi, madzi n'kulowa mpaka pabalaza. Banja limenelo linapereka nawo ndalama, koma ndi lomwe linavutika kuposa tonse. Mpaka lero ndikakumana ndi mayi wa pakhomopo ndimamva chisoni, chifukwa pamsonkhano uja ndinalipo ndipo sindinafunse funso losavuta lakuti madzi adzapita kuti. Msewu woyalidwa timabuloko kapena phula umathamangitsa madzi kwambiri kuposa wadothi chifukwa salowa pansi. Amene anaona zomwe namondwe wa Freddy anachita ku Blantyre mu Malichi 2023 safuna kuuzidwa mphamvu ya madzi otsika phiri.

Choncho ndalama zoyamba kusonkhedwa zipite ku ngalande zowaka bwino ndi makalavati a pamageti. Msewu ukhale wotumphuka pang'ono pakati kuti madzi azitsikira m'mbali. Kenako maziko, dothi labwino lochindikala pafupifupi masentimita 15 lotsenderedwa ndi makina, osati mapazi kapena mateyala a galimoto zodutsa. Timabuloko tibwere pomaliza, pamwamba pa mchenga wochepa, ndi zotchinga za konkire m'mbali kuti tisamwazike. Ngati ndalama zitathere pa ngalande ndi maziko, musadandaule, mwachita gawo lofunika kwambiri ndipo chaka chamawa mudzapitiriza. Komiti idziwenso kukula kwa ntchito yomwe yaiyamba. Msewu wa mamita 300 m'litali ndi 5 m'lifupi ndi masikweya mita 1,500. Timabuloko ta masentimita 20 ndi 10 timalowa 50 pa sikweya mita imodzi, kutanthauza 75,000. Amene akukupatsani kotesheni afotokoze manambala otere papepala, ndipo makotesheni akhale atatu kuchokera kwa anthu osadziwana.

Ubwino wina wa timabuloko ndi wakuti paipi ikaphulika pansi mumatizula n'kutibwezeretsa, pomwe phula akalikumba chigamba chake sichikhalitsa. Komabe funsani a Lilongwe Water Board ndi a ESCOM kuti akuonetseni momwe mwadutsa mapaipi ndi mawaya musanakumbe. Amene sanalumikize madzi ndipo paipi ili kutsidya, ino ndiyo nthawi yoika paipi yopanda kanthu yodutsa pansi pa msewu kuti mtsogolo asadzakumbenso. Mukumbukirenso kuti walira mvula walira matope. Msewu ukasalala, galimoto ndi njinga zamoto ziyamba kuthamanga pomwe ana amasewera, ndiye mahampu alowe mu bajeti kuyambira pachiyambi ndipo khonsolo ivomereze malo ake.

Pali chitsanzo chimodzi chomwe ndimachikonda. Ku Orangi, dera lalikulu la anthu osauka mumzinda wa Karachi ku Pakistan, Akhtar Hameed Khan anayambitsa ntchito mu 1980 yomwe anthu a kanjira kamodzi ankasankha mtsogoleri wawo, kusonkha ndalama ndi kudziikira okha mapaipi a zonyansa m'kanjira kawo, pomwe mapaipi akuluakulu olandira zonsezo anali udindo wa boma. Chomwe chinawathandiza n'chakuti gulu linali laling'ono, anthu odziwana, ndipo malire a udindo anali odziwika. Inunso ngalande yanu ikathera pa ngalande yaikulu yomwe si yanu. Ngati yaikuluyo ili yotsekeka, kalata yanu yopita kukhonsolo itchule zimenezo.

Kasungidwe ka ndalama ndi komwe kumapha ntchito zambiri zotere. Ndalama zisalowe mu Mpamba kapena Airtel Money ya munthu mmodzi, ngakhale atakhala mkulu wa mpingo. Tsegulani akaunti ya gulu yosainira anthu atatu, aliyense wopereka alandire risiti, ndipo msungichuma aziika lipoti pagulu mwezi uliwonse. Musadikire kuti ndalama yonse ikwane. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo aliyense amene ankasunga ndalama ya simenti anadzuka itachepa mphamvu. Gawani ntchito m'zigawo, ndalama ikakwana ya chigawo chimodzi gulani zipangizo n'kugwira, makamaka pakati pa Meyi ndi Okutobala kusanagwe mvula.

Nanga okana kupereka? Adzakhalapo. Komiti ilibe mphamvu yokakamiza munthu, ndipo singatseke msewu wa aliyense ndi chipata kapena kuletsa wina kudutsa. Kulemba mayina awo pagulu powachititsa manyazi kumangobala udani womwe udzakhalepo msewu utatha kale. Ambiri amene amaoneka ngati akukana amakhala kuti ndalama yakamodzi yawakulira. Apatsidwe mwayi wopereka pang'onopang'ono kwa miyezi 10 kapena 12. Wina akhoza kupereka ntchito ya manja, wina madzi othirira potsendera, wina malo osungira simenti mumpanda mwake, ndipo zonsezo ziwerengedwe mtengo n'kuchotsedwa pa gawo lake. Inuyo Mayi, ngati mpanda wanu uli ndi malo, kusunga zipangizo ndi thandizo lenileni lomwe komiti ikanalipira mlonda.

Mwanena kuti msonkhano wina ulipo kumapeto kwa mwezi. Musadikire tsikulo. Pitani kaye kwa wapampando panokha, kapena ndi mnzanu mmodzi amene mukugwirizana naye maganizo, mutanyamula pepala lomwe mwalembapo mapoloti onse 24, mabanja okhala pa iliyonse ndi galimoto zake. Yambani ndi mawu akuti mukufuna msewu ndipo gawo lanu mupereka. Bambo wa malole musawatchule ngati wolakwa pagulu, ndipo ngati n'kotheka wapampando akacheze nawo msonkhano usanafike kuti asadzamvere pamaso pa anthu. Pemphani kuti kagawidwe kalembedwe ndi kusainidwa ndi eni mapoloti munthu asanapereke kwacha ina iliyonse, ndipo amene anapereka kale ndalama zawo ziwerengedwe pa kagawidwe katsopanoko. Mukabwerako mundilembere, ndikufuna kumva makamaka zomwe injiniya wa khonsolo anene za banja lomwe lili kumunsi kwenikweni kwa msewu wanu.