Kwa mdzukulu amene waopseza mng'ono wake ndi nkhani ya hayidilojeni

Mdzukulu wina wandilembera kuti: "Agogo, ndinawerenga pa intaneti kuti m'matupi mwathu muli hayidilojeni wolemera ndi wina wotulutsa cheza choopsa, ndipo amalowa ndi madzi amene timamwa. Nditafotokoza kunyumba, mng'ono wanga wa zaka 9 anayamba kuopa kumwa madzi. Amayi anandikalipira. Kodi ndinalakwa kunena zoona?"

Mdzukulu wanga, sunaname ayi. Koma unabweretsa theka la nkhani, theka lina n'kulisiya pa foni. Limene unasiyalo ndi funso lakuti zinthuzo zilimo zochuluka bwanji. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndiye khala pansi tiwerengere limodzi.

Ukamuika munthu pa sikelo, pa magawo 100 alionse a kulemera kwake pafupifupi 65 ndi okosijeni, 18 ndi kaboni, 10 ndi hayidilojeni, 3 ndi nayitulojeni. Ukawonjezapo kashiamu ndi fosiforasi za m'mafupa, watsala pang'ono kumumaliza munthu yense, chifukwa zisanu ndi chimodzizi zimakwana pafupifupi 99 peresenti. Ayironi wofiiritsa magazi uja ndi magalamu ngati 4 basi. Koma ukasiya sikelo n'kuwerenga maatomu, tizigawo tating'onoting'ono timene timapanga chinthu chilichonse, imodziimodzi, hayidilojeni ndiye wochuluka: pa maatomu 10 alionse, 6 ndi ake. N'chifukwa chakuti ndi wopepuka kuposa onse, komanso pafupifupi 60 peresenti ya thupi la munthu wamkulu ndi madzi.

Hayidilojeniyu ali pa ubale wa atatu, asayansi amati ma isotope. Wamkulu ndi protium, amene ali ndi kanthu kamodzi kokha kotchedwa pulotoni pakati pa atomu yake, ndipo pafupifupi hayidilojeni yense amene uli naye ndi ameneyu. Wachiwiri ndi deuterium, wolemera uja. Iyeyu ali ndi pulotoni ndi kanthu kena kolemera ngati pulotoniyo kotchedwa nyutuloni, n'chifukwa chake amalemera kuwirikiza kawiri. Anamutulukira ndi Harold Urey ndi anzake ku Columbia University mumzinda wa New York mu 1931, ndipo Urey analandira mphoto ya Nobel mu 1934. M'madzi a m'nyanja zikuluzikulu, atomu imodzi yokha pa maatomu a hayidilojeni pafupifupi 6,400 ndiyo ya deuterium. Munthu wa makilogalamu 70 amanyamula hayidilojeni wokwana makilogalamu 7, ndipo deuterium mmenemo ndi magalamu ngati 2.

Tamvetsa apa, chifukwa m'pamene unasokoneza: deuterium satulutsa cheza chilichonse. Alipo kuyambira pamene chilengedwe chinayamba, ndipo agogo a agogo ako anabadwa naye, anakalamba naye. Madzi olemera enieni, okhala ndi deuterium m'malo mwa hayidilojeni wamba, opangidwa m'mafakitale, amavulaza pokhapokha atalowa m'malo mwa gawo lalikulu la madzi a m'thupi, kuyambira kota kupita m'tsogolo. Ndi madzi akumwa wamba sungafikeko ngakhale utamwa usana ndi usiku. Ndipotu azaumoyo amamwetsa mayi woyamwitsa madzi olemera pang'ono, kenako n'kuyeza malovu a mayiyo ndi a mwana wake kuti adziwe kuchuluka kwa mkaka umene mwanayo akuyamwa. Ine ndikamaganiza zimenezi mtima umandikoma, kuti chinthu chimene iwe unachiyesa poizoni chikuthandiza makanda.

Wachitatu, tritium, ndi amene amatulutsadi cheza. Ali ndi nyutuloni ziwiri, ndipo sakhalitsa: pa zaka 12.3 zilizonse theka lake limasanduka heliyamu. Amapangika mumlengalenga mwenimweni n'kutsika ndi mvula, wina amachokera kumalo opangira magetsi a nyukiliya. Cheza chake n'chofooka moti sichiboola ndi khungu lomwe, ndipo akalowa ndi madzi, theka lake limatuluka ndi mkodzo ndi thukuta m'masiku ngati 10. Amene ali mwa iwe ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi potaziyamu-40, mtundu wa potaziyamu wotulutsanso cheza, amene maatomu ake pafupifupi 4,000 amasweka m'thupi la munthu wamkulu pa sekondi iliyonse. Komabe popanda potaziyamu mtima wako sungagunde.

Tsono ndikulangize. Mwana wa zaka 9 amakhulupirira mkulu wake kuposa buku. Ukamuuza kuti m'madzi muli choopsa, iye sakumva za maatomu, akumva kuti amwalira. Ndipo choopsa chenicheni ndi chimene wachiyambitsa iwe, chifukwa mwana wosamwa madzi okwanira amafooka msanga kuposa wamkulu. Ndimakondwa kuti umawerenga, usasiye. Koma usanauze wamng'ono chinthu chochititsa mantha, yamba wafufuza kuchuluka kwake, ndipo ngati sunakupeze, kafunse aphunzitsi ako kaye. Amayi ako sanakane sayansi, anaona mwana wawo akukankha kapu, ndipo anachita bwino kukudzudzula.

Lero lomwe pita kwa amayi, ukapepese osawonjezerapo "koma". Kenako umuitane mng'ono wakoyo, uthire madzi m'makapu awiri, uyambe ndiwe kumwa iye akuona. Umuuze za abale atatu aja, za magalamu 2, ndi za makanda oyezedwa malovu. Akafunsa zambiri, mundilembere nonse awiri.