Ku Joni mukadye kuti za Matchaina? Yankho kwa mayi wa ku Matawale

Mayi wina wa ku Matawale wanditumizira imelo. Akuti mwezi wamawa akupita ku Johannesburg kukaoda katundu, ulendo woyamba, ndipo akufuna kukalawa zakudya zenizeni za Matchaina kapena za Amwenye. Koma akupita ndi mnzake wachisilamu wa ku Chinamwali, ndiye akufunsa kuti malo abwino angawadziwe bwanji.

Amayi, mwachita bwino kufunsa musanakwere basi, paja safunsa anadya phula. Ine phulalo ndinalidya, ndikuuzani kutsogoloku.

Choyamba, musavutike ndi malo odyera a m'mamolo akuluakulu aja. Chakudya chake n'chosinthidwa kuti chikomere aliyense, shuga wambiri, msuzi wofiira ngati wa pakeke. Pitani ku Cyrildene, mumsewu wotchedwa Derrick Avenue. Kumeneko ndiye kumudzi kwa Matchaina a ku Joni masiku ano. Mudzazindikira ndi chipata chachikulu chamakaka chodutsa pamwamba pa msewu. Chinatown yakale inali m'tauni, mumsewu wa Commissioner, koma inazilala, ambiri anasamuka. Mukatsikira ku Park Station musayende pansi ndi zikwama, itanani Uber kapena Bolt, ndipo pitani masana.

Mukafika, yendani kaye msewu wonse musanakhale pansi. Suzumirani m'mawindo. Pamene pali mabanja a Matchaina, agogo ndi tiana, akulankhulana mokweza uku mbale zili mbwee patebulo, lowani pomwepo. Zili ngati mu msika wa Zomba: matemba abwino a ku Kachulu sitiwadziwira chikwangwani, timaona pamene amayi aunjikana. Musathawe chifukwa mipando ndi yapulasitiki kapena menyu yalembedwa m'Chitchaina. Tsegulani Google Translate pafoni, lozetsani kamera papepalapo, mawu atembenuka. Nthawi zina amatembenuka mosekesa, komabe nkhuku ndi nsomba mudzazisiyanitsa.

Tsono phula lija. Tsiku langa loyamba ndinaloza chithunzi cha nyama yofiira bwino, ndikudzitama mumtima kuti munthu wokulira kambuzi sangaope tsabola wa mlendo. Nditaika mkamwa katatu, milomo inachita dzanzi, lilime ngati ndaluma waya wamagetsi. Ndinayamba kuganiza zoti andidyetsa poizoni. Wopereka chakudya anangoseka, n'kutola kambewu kena m'mbalemo kundionetsa. Kanali ka tsabola wa ku Sichuan, chigawo china cha ku China, amene ntchito yake ndi yomweyo, kuchititsa dzanzi. Mpamene ndinadziwa kuti "chakudya cha Matchaina" si chinthu chimodzi. Cha ku Sichuan n'chowawa ndi chadzanzi. Cha ku chigawo cha Guangdong, chomwe amati Cantonese, n'chofatsa, nsomba yophikidwa ndi nthunzi, ndi tizakudya tating'onoting'ono totchedwa dim sum tobwera m'timadengu tansungwi. Kwa oyamba ine ndimati yambirani kumeneko. Mudzapezamonso mapazi a nkhuku, ndipo mudzadabwa kuti zomwe kwathu ana amalimbirana kuseri kwa khitchini, kumeneko anthu amaziitanitsa mwaulemu.

Kadyedwe kake sikadzakuvutani, n'kakwathu komwe. Mbale zimaikidwa pakati, aliyense amatapa. Muli awiri, itanitsani ndiwo ziwiri, masamba amodzi ndi mpunga, zikwanira mpaka kutsala. Mpunga wake sathira mchere kapena mafuta, ndipo umamatana pang'ono kuti ugwirike ndi timitengo. Musauyerekeze ndi kilombero. Timitengo tikakukanikani pemphani foloko, palibe adzakusekeni. Chimodzi chokha: musazike timitengoto choimirira mu mpunga, kwawo zimenezo zimakumbutsa maliro.

Nkhani ya anzanu aja ndiyo yofunika kuisamala. Matchaina amadya nkhumba kwambiri, moti menyu ikangoti "nyama" osatchula yachiyani, kawirikawiri ndi kapado. Imabisalanso m'malo osayembekezeka: m'timipukutu tonga samusa tija, mu msuzi, ngakhale m'mbale ya tofu, chakudya chopangidwa ndi soya, yooneka ngati ilibe nyama. Kungouza woperekera kuti "musaikemo nkhumba" sikokwanira kwa munthu wosunga halaal, chifukwa chiwaya ndi chimodzi. Ku China kuli Asilamu ambiri ndipo malo awo odyera amalemba chizindikiro ichi: 清真. Mukachiona, khalani pansi ndi mtima umodzi. Mukapanda kuchiona, musawakakamize anzanuwo.

M'malo mwake atengereni ku Fordsburg, pafupi ndi Oriental Plaza, komwe mwina mukhala mukuoda nsalu kale. Kumeneko ndi kwa Amwenye ndi anthu a ku Pakistan, ndipo malo ambiri ndi a halaal, satifiketi ili pakhoma. Madzulo a kumapeto kwa sabata msewu wa Mint umadzaza utsi wa nkhuku yootcha, yomwe amati tikka. Itanitsani biriyani, ndi buledi wa naan wotentha kuchoka mu uvuni. Apa sipafunika foloko, sambani m'manja basi. Kunena zoona, ine ndikakhala ndi ndalama ya chakudya chimodzi chokha ku Joni, ndimathera ku Fordsburg.

Za Google Maps, nyenyezi zake musazikhulupirire kwambiri. Onani zithunzi zomwe anthu ajambula okha ndi madeti a ndemanga, chifukwa malo odyera amasintha eni msangamsanga. N'chifukwa chakenso sindikukupatsani dzina la lesitilanti, mungakapeze pasanduka shopu ya mafoni. Bilu ikabwera, kumeneko wodya amawonjezerapo ya woperekera, pafupifupi 10 pa 100 iliyonse, ndiye musawerengere ma Rand ndendende.

Mukabwerako munditengereko kapaketi ka tsabola wadzanzi uja, amagulitsa m'magolosale a mu Derrick Avenue momwemo. Pali mlamu wanga ku Mpondabwino amene amadzitama kuti palibe tsabola angamugonjetse.