Musadule chingwecho: yankho kwa achimwene a ku Chilomoni pa za wailesi ndi laputopu

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Chilomoni amene amawerenga zolemba zanga. Alamu awo a ku Johannesburg anawatumizira wailesi yolankhulirana ya Yaesu FT-857D yogwirapo kale ntchito, chiphaso anatenga kale ku MACRA, ndipo pa maikolofoni akulankhula ndi anthu bwinobwino. Tsopano akufuna kuyamba FT8, njira yotumizirana timauthenga tolemba pa wailesi kudzera pa kompyuta m'malo molankhula. Anagula chingwe cha USB to serial cholumikizira laputopu ndi wailesi m'shopu ina ku Limbe, koma pulagi yake ya mapini 9 ilibe polowa kumbuyo kwa wailesi. Ndiye akufunsa kuti: "Kodi ndingodula pulagiyo n'kuwotcherera mawaya ku bowo lozungulira lolembedwa CAT? Mnzanga wa Kenwood TS-480 anangosomeka chingwe chonga chomwechi ndipo zinatheka tsiku lomwelo."

Achimwene, musadule. Ikani kaye pulayala pansi. Zinatheka kwa mnzanuyo chifukwa wailesi yake ndi yanu, ngakhale zonse zimatchedwa za serial, sizitumiza mphamvu ya magetsi yofanana pa mawaya awo. Pulagi kungolowa pa bowo, kapena dzina kungofanana, sizitanthauza kuti zinthu ziwirizo zimvana. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndikufuna nditayepo nthawi.

Chingwe mwagulacho chimatsata muyezo wotchedwa RS-232, wakalekale ndithu, wa 1960. Pa muyezowu, waya wotumiza uthenga umasinthasintha pakati pa negative ndi positive, ndipo mphamvu yololedwa ndi kuyambira ma volt 3 kufika 15 mbali zonse ziwiri. Chizindikiro cha 1 chimakhala ku negative, cha 0 ku positive. Kenwood TS-480 ili ndi soketi ya mapini 9 yomwe imalandira zimenezi mwachindunji, n'chifukwa chake mnzanu sanavutike. FT-857D yanu si choncho. Bowo lake la mapini 8 lolembedwa CAT/LINEAR, lomwe kompyuta imalamulirapo wailesi, limagwira ntchito pa zomwe timati TTL, kutanthauza 0 ndi ma volt 5 basi, ndipo 1 amakhala kumtunda. Mukalumikiza mwachindunji ndiye kuti mukuthira negative, mwina ya ma volt 6 kapena 10, pa kachipangizo kosazolowera chilichonse chotsika kuposa 0. Mukachita mwayi, palibe chipse, koma uthenga ufika chadodolido ndipo wailesi singaumve. Mukapanda mwayi, kachipangizoko kafa, ndipo kuno kupeza wokonza wailesi za mtundu umenewu pamodzi ndi sipeya yake si ntchito yamasewera.

Pali chinanso pa bowo lomwelo chimene chimandiopsa kuposa zonse: pini imodzi imatulutsa ma volt 13.8. Mapini a bowo lozungulirali, lotchedwa mini-DIN, ndi othithikana kwambiri, kadontho ka sodala kakangodutsa pang'ono kukhudza pini yoyandikana nayo, mphamvu imeneyo imapita kolakwika, kaya m'wailesi kaya mu laputopu.

Njira zilipo zitatu. A Yaesu eni ake anapanga chingwe cha CT-62, chokhala ndi mini-DIN ya mapini 8 mbali ina ndi pulagi ya mapini 9 mbali inayo, ndipo m'kati mwake muli kosinthira mphamvu kuchoka ku RS-232 kupita ku TTL. Mukachipeza, mungochilumikiza ku chingwe chanu cha ku Limbe chija, ndalama yanu sinapite pachabe. Njira yachiwiri ndi kuwapempha alamu anu akugulireni chingwe cha USB chopangidwira FT-817, FT-857 ndi FT-897, chifukwa mawailesi atatuwa amagwiritsa ntchito chingwe chimodzi. Ine ndingasankhe imeneyi, polumikiza pamachepa, ndipo polumikiza pakachepa pofufuza vuto pamachepanso. Yachitatu ndi ya amene dzanja lawo silinjenjemera pogwira aironi yowotcherera: kupanga nokha, kaya ndi chip ya MAX232 ndi timakapasita take, kaya ndi kabolodi ka USB to TTL kamene ana asukulu za uinjiniya amagwiritsa ntchito pa Arduino. Mawaya ofunika ndi atatu okha: TXD wotumiza uthenga, RXD wolandira, ndi GND wa ground. TXD ya wailesi ipite ku RXD ya kabolodi, RXD ya wailesi ipite ku TXD ya kabolodi, GND ndi GND zikumane. Chithunzi cha mapini chili m'buku la wailesiyo, ndipo poliwerenga onetsetsani ngati chajambulidwa moyang'ana kumaso kwa soketi kapena kumbuyo kowotchererako, chifukwa kumanja ndi kumanzere zimasinthana. Musanawotcherere, yatsani wailesi, tengani mita yoyezera magetsi, pezani pini ya 13.8 ija ndi maso anu, muisiye payokha.

Mnzanu wa Kenwood naye mumuuze izi, tsiku lina zidzamuthandiza. Zingwe za mapini 9 zili mitundu iwiri yofanana ndendende pozionera kunja. China ndi cholunjika, pini 2 kupita ku 2, pini 3 kupita ku 3. China ndi chopingasa, chotchedwa null modem, 2 kupita ku 3. TS-480 imafuna cholunjika. Ogulitsa ambiri sadziwa kuti m'bokosi mwawo muli chiti, ndipo si kulakwa kwawo, zingwezi nthawi zambiri sizilembedwa. Ine ndikamapita kukagula ndimanyamula mita m'chikwama n'kuyeza pakauntala pomwepo. Mukaiwala kuti chipangizo chanu chimafuna chingwe chiti, mita yomweyo ikuuzani: ikani waya wakuda pa pini 5, yomwe ndi GND, wofiira pa 2 kenako pa 3. Pini yoonetsa negative ndiyo pakamwa pa chipangizocho, yachete ndiyo khutu. Pakamwa pa uyu pakumane ndi khutu la uyo. Pakamwa pawiri pakakumana palibe womva mnzake.

 

Tsopano za chingwe cha USB chenichenicho. M'kati mwa pulagi muli chip, nthawi zambiri ya FTDI, Prolific PL2303, CH340 kapena CP210x ya Silicon Labs. Ma chip onamizira kuti ndi PL2303 anadzaza msika, moti driver yatsopano imawakana, ndipo mu Device Manager ya Windows mumaona kachizindikiro kachikasu ndi mawu oti Code 10. Mukaona zimenezo vuto si wailesi, musataye usiku wonse mukusintha ma menyu. Chingwe chikakhala chabwino chimaoneka pansi pa Ports ndi nambala yake, mwina COM3 kapena COM5. Lembani nambalayo papepala, ndipo muzisomeka pa bowo la USB lomwelo nthawi zonse, chifukwa zingwe zina zimasintha nambala mukasintha bowo. Pa Linux chimaoneka ngati /dev/ttyUSB0, ndipo pa Ubuntu dzina lanu liyenera kukhala m'gulu la dialout.

Kuyesa kumene ndimakukonda kwambiri n'kosafuna wailesi n'komwe. Tengani kawaya kakang'ono, ngakhale kachitsulo komangira mapepala, mulumikize pini 2 ndi pini 3 pa pulagi ya chingwecho. Tsegulani pulogalamu ya PuTTY, sankhani Serial, lembani nambala ya COM ija, kenako yambani kutaipa. Zilembo zikamaoneka pa sikirini ndiye kuti zikutuluka pa 3 n'kubwerera pa 2. Chotsani kawayako, taipaninso, sikirini ikhala yakuda osaoneka kanthu. Pamenepo mwatsimikiza kuti laputopu, driver ndi chingwe zili bwino, ndipo chotsala chofufuza ndi mbali ya wailesi yokha. Pa kabolodi ka TTL n'chimodzimodzi, mulumikize TXD ndi RXD. Ndimalimbikira zimenezi chifukwa anthu ambiri akakhumudwa amasintha zinthu zisanu nthawi imodzi, ndipo zikatheka kapena zikakanika sadziwa kuti chachititsa n'chiti.

Ku wailesi, lowani mu menyu 001 muyatse EXT MENU kuti ma menyu onse aoneke. Menyu 020 ikhale pa CAT, chifukwa bowo lomwelo limagwiranso ntchito ya tuner ndi ya amplifier, ndipo mwini wake woyamba mwina anaisiya pa zimenezo. Menyu 019 ndi ya liwiro, ili ndi 4800, 9600 ndi 38400. Yambani ndi 4800, ndi yokwanira. Mu WSJT-X, pulogalamu yochitira FT8 pa laputopu, pa tsamba la Radio, sankhani Yaesu FT-857, COM yanu ija, liwiro lofanana ndi la menyu 019, data bits 8, stop bits 2, handshake None. Ambiri amagwa pa stop bits, chifukwa anazolowera 1. Dinani Test CAT, batani likasanduka lobiriwira zungulitsani chosinthira masiteshoni muone manambala akusuntha pa sikirini. Likakhala lofiira, onani ngati palibe pulogalamu ina, monga fldigi kapena PuTTY yomwe ija, imene yagwira COM yomweyo, poti COM imodzi silola mapulogalamu awiri nthawi imodzi.

Chimene simunafunse koma mukumana nacho mawa lake ndi ichi: chingwe cha CAT sichinyamula mawu. Chimangolamula wailesi kuti pita pa 14.074 MHz, sintha mode, yamba kutumiza, siya. Kulira kwa FT8 kumadutsa pa bowo lina la mapini 6 lolembedwa DATA, kupita ku sound card. Gulani ka sound card ka USB kapadera kuti phokoso la Windows lisamapite mlengalenga, ndipo pakati muikepo timatiransifoma tiwiri ta 1:1, ta 600 ohm, kamodzi kolowa kamodzi kotuluka. Wailesi muiike pa DIG, menyu 038 pa USER-U. Mu WSJT-X, pa PTT, lomwe ndi lamulo loti wailesi iyambe kutumiza, sankhani CAT, simufunika waya wina. Alipo amene amakonda kuyatsa PTT kudzera pa pini 7, ya RTS, kapena pini 4, ya DTR, pogwiritsa ntchito transistor kapena optocoupler ngati 4N25. Zimagwira ntchito, koma dziwani kuti kompyuta ikamayaka imatha kugwedeza mapini amenewa, wailesi n'kuyamba kutumiza yokha. Oyenda njira imeneyo aziyatsa kompyuta poyamba, wailesi pambuyo.

Ndikuuzeni zimene zinandichitikira kunyumba kwanga ku Zingwangwa. Zonse zinali bwino, batani lobiriwira, masiteshoni a ku Ulaya akutsika pa sikirini. Ndikangoyamba kutumiza pa bandi ya 20 m, ya 14.074 MHz ija, Windows imalira kabelu kaja kosonyeza kuti USB yazulidwa, COM n'kusowa, wailesi n'kukakamira pa kutumiza chifukwa lamulo loti isiye silinafike, mpaka ndinkachita kuzimitsa pa switchi. Choyambitsa chinali mphamvu ya wailesi yanga yomwe, imene inkabwerera kudzera kunja kwa coax, chingwe chopita ku eriyo, n'kulowa m'chingwe cha USB, poti eriyo yanga inali pafupi kwambiri ndi malata. Ndinakulunga chingwe cha USB kasanu pa mphete ya ferrite pafupi ndi laputopu, ndinaika choke, chotchinga mphamvu yobwererayo, pa coax pomwe imalumikizana ndi eriyo, ndinafupikitsa zingwe zonse, vuto linatha. Ferrite ya mix 31 kapena 43 ndiyo yoyenera pa HF, kutanthauza mabandi ngati a 20 m. Timphete ta ferrite tokhuthala tija timakhala pa zingwe zakale za monitor timathandizako mukasowa china, ndipo kwa okonza zamagetsi mumsika wa Ndirande kapena wa Limbe zingwe zotere sizisowa. Chaja ya laputopu nayonso muiyese, zina zimadzaza phokoso pa wailesi. Izuleni, laputopu iyende pa batire, muone ngati S-meter, yoonetsa mphamvu ya zomwe wailesi ikumva, itsika.

Mphamvu musaikweze. FT-857D imafika ma watt 100, koma FT8 imatumiza mosalekeza kwa masekondi pafupifupi 13 pa nthawi iliyonse ya masekondi 15, ndipo kawailesi kakang'ono ngati aka kamatentha msanga, makamaka mu Okutobala. Ma watt 25 kapena 30 ndi okwanira, ndipo magetsi akathima batire yanu ikhalitsa. Njira ya FT8 anaitulutsa mu 2017 a Joe Taylor, K1JT, amene analandira mphoto ya Nobel ya physics mu 1993, pamodzi ndi a Steve Franke, K9AN, ndipo inapangidwira kumva zizindikiro zofooka zimene khutu silingatole. Komanso inu muli ndi 7Q, chizindikiro cha Malawi, kumayambiriro kwa callsign, dzina lanu la pa wailesi. Masiteshoni a m'Malawi ndi ochepa, anthu a ku Japan, ku Ulaya ndi ku America amatisaka, ndiye mukangoitana CQ, kuitana aliyense amene akumva, mudzaona okha akubwera. Wotchi ya laputopu ikhale yolondola, isaphonye kuposa sekondi imodzi, apo ayi sikirini ikhoza kukhala mbee ngakhale mukumva kulira. Ilumikizeni ndi nthawi ya pa intaneti musanayambe, ngakhale pa data ya foni. Nthawi yolemba mu logi ndi ya UTC, yomwe ili m'mbuyo mwa yathu ndi maola 2.

Mvula ikayamba mu Novembala, inu a mphepete mwa Michiru mukudziwa mmene ziphaliwali zimachitira. Kale mphezi ikanaononga wailesi yokha, koma tsopano chingwe chija chalumikiza wailesi ndi laputopu. Mukamaliza, zulani coax muiike kutali ndi tebulo, zulaninso chingwe cha CAT, osadikira kuti kuyambe kugunda.

Ndiye Loweruka lino chitani kuyesa kwa pini 2 ndi 3 pa chingwe chanu, muone zimene zili mu menyu 019 ndi 020, mundilembere zimene mwapeza pamodzi ndi dzina limene Device Manager yaonetsa. Mukasankha kupanga chingwe nokha, nditumizireni chithunzi cha pulagi mutawotcherera, musanaisomeke ku wailesi, ndione kaye pini ya 13.8 ija.