Ku Kariakoo katundu amagulidwa ndi miyendo

Achemwali, mwafunsa kuti geni ya ku Dar es Salaam imayenda bwanji komanso mpamba wake ndi wochuluka motani. Za mpamba tidzakambirana mukabwera ku Matawale. Choyamba gulani nsapato zafulati, sindikuseka ayi.

Njira ndi yaitali koma yosasocheretsa: pa depoti ya Zomba, Lilongwe, Mzuzu, Karonga, mpaka pa Songwe. Mukadinditsa pasipoti n'kuwoloka mlatho ndiye kuti muli pa Kasumulu, ndipo wotchi muyipititse patsogolo ndi ola limodzi. Chenjeraninso, anzathuwa amawerenga maola kuyambira m'mawa kutacha. Akati "saa kumi na mbili" akunena 6 koloko, osati 12. Ine ulendo woyamba basi inandisiya ndili m'tulo, tikiti ili m'bra.

Basi idzakutsitsani ku Mbezi, pa siteshoni ya Magufuli, kunja kwenikweni kwa tawuni. A bodaboda, omwe ndi akabaza a njinga zamoto, adzakuunjikirani ngati ntchentche. Akaneni mwaulemu. Fikani ku Kimara mukwere mwendokasi yopita ku Gerezani. Amenewa ndi mabasi aatali omwe anayamba mu 2016, ali ndi msewu wawowawo pakati pa Morogoro Road, moti mumangodutsa magalimoto ataima ndii pa mzere. Koma m'mawa ndi madzulo mumathinana mpaka kupuma movutikira, ndiye chikwama chikhale pamimba, osati kumsana. Ma daladala, maminibasi awo, ndimakwera pokhapokha ndisakuthamangira kanthu.

Mukatsika pa Gerezani ndiye kuti mwafika ku Kariakoo, dera la msika waukulu wa ku Dar es Salaam, basi, galimoto yatha ntchito. Mumsewu wa Congo, mwa zovala muja, anthu amayenda phewa ndi phewa, ngolo zokankha zikukuwombani m'zidendene. Dzuwa lakenso si la kuno komwe kamphepo ka ku Chawe kamatipepesa. Pofika 10 koloko bulauzi yanyowa kale. Tsiku loyamba ine sindigula kanthu. Ndimangoyenda, Congo, Msimbazi, Uhuru, kufunsa "bei gani", kutanthauza kuti mtengo wake ndi bwanji, n'kumalemba m'kabuku. Diresi lomwe mwalikonda pakhomo pa msewu mukalipeza lotsika mtengo mukakwera masitepe kapena kutsikira m'mashopu a pansi. Amene amatopa msanga amagula pa shopu yoyamba, pobwera kuno n'kumadabwa kuti anzake mumsika wa Zomba akugulitsa motchipa bwanji.

Mukagula, mnyamata wonyamula katundu mugwirizane naye mtengo asananyamule, ndipo muziyenda kumbuyo kwake, maso pa thumba. Akangokhota pakona inu mukuyankha foni, zanu zada. Pa belo lembani dzina ndi nambala mbali zonse musanapereke kwa otumiza katundu, ndipo malisiti musataye ngakhale imodzi, a MRA adzawafuna pa Songwe powerengera msonkho.

Ndikunyamuka mwezi ukatha. Ngati mukufuna titsagane, yambani mawa kuyenda wapansi kuchoka ku Chinamwali kufika m'tawuni n'kubwerera, masana dzuwa lili paliwombo.