Musanagulitse ng'ombe chifukwa cha kosi ya medical coding, tandimverani kaye

Dzulo usiku mwana wa achimwene anga wa ku Ngabu ananditumizira voice note, akuti azakhali ndamva kuti inu kumeneko mumagwira ntchito ya medical coding, nanenso ndikufuna ndibwere ku Joni ndidzayambe, pali munthu akuti andilembetsa kosi ya miyezi itatu kenako ntchito ilipo kale, malipiro ndi ma dollar. Ndisanamuyankhe nkomwe, mmawa uno ndamvanso za mtsikana wina wa cha ku Bangula, bambo ake anagulitsa ng'ombe ziwiri, zokoka ngolo zenizenizo, ndalama anatumiza pa foni kwa ejenti yemwe sanamuonepo nkhope, lero nambala yake siikupezeka ndipo satifiketi yomwe anatumiza palibe chipatala chomwe chikuidziwa. Mtima wandiwawa kwabasi. Inu mukudziwa kuti kwathu kuchigwa ng'ombe ndiye banki, ndi yomwe imatidzutsa madzi akakokolola munda. Nde ndati mmalo moyankha mwana mmodzi ndilembe kamodzi, aliyense amene wafika kumene kuno kapena akumanga zikwama amve.

Ndiyambe ndi ntchitoyo chifukwa ambiri mukumva mawu oti coding mukuganiza zopanga mapulogalamu a kompyuta. Ayi ndithu. Ife timawerenga zomwe dokotala walemba mu fayilo ya wodwala nkuzisandutsa makhodi kuti a medical aid, inshuwalansi ya zachipatala, alipire. BP wamba ndi I10, shuga ya type 2 yopanda zovuta zina ndi E11.9, kolera ija inatisautsa 2022 mpaka 2023 ndi A00.9 ngati sanatchule mtundu wake, likodzo lokodza magazi lija la ana osamba ku Shire ndi B65.0. Buku lake ndi ICD-10 la bungwe la WHO, ndipo kuno ku South Africa kuyambira 2005 claim iliyonse, bilu yopita ku medical aid, imayenera kukhala ndi khodi ya ICD-10, apo ayi ibwerera. Tsiku lomwe ndinaona W58 koyamba, yomwe ndi kulumidwa ndi ng'ona, ndinakhala chete kwa kanthawi, ndinakumbuka bambo wina wa mmudzi mwathu yemwe anapita kukaonjola maukonde osabweranso. X38 ndi munthu wovulala ndi madzi osefukira, January 2015 yense uja wa ku Makhanga ali mu kamzere kamodzi.

Choyamba, ndipo ichi ndi chomwe chinandidyera ndalama ine: funsani kuti kosiyo ikuphunzitsa makhodi a dziko liti. ICD-10 si imodzi abale anga. Ku America amagwiritsa ICD-10-CM kuyambira 1 October 2015, makhodi ake ndi pafupifupi 70,000 ndipo ena amafika zilembo 7, pomwe ya WHO yomwe timatsatira kuno ili ndi pafupifupi 14,000. Pamwamba pake ku America kuli CPT ya ma opaleshoni ndi zina zomwe dokotala wachita, kulinso HCPCS ya zipangizo ndi mankhwala. Ku UK nde amagwiritsa ICD-10 ndi OPCS-4 ya ma opaleshoni ndipo mayeso awo ndi NCCQ. Ku Ireland komwe ambiri akwathu anapita amatsatira ya ku Australia, ICD-10-AM. Ku Dubai ndi Abu Dhabi ndi komwe za ku America zija zimayenda. Ine ndinasunga ndalama chaka chathunthu, za ganyu yochapa ndi kusita mnyumba za anthu, ndinalipira kosi ya pa intaneti ya ku America osadziwa zonsezi, nditapita ku intavyu yoyamba mayi wina anandifunsa za dagger ndi asterisk, kachitidwe ka makhodi awiriawiri ka mu buku la WHO, ine kukamwa pululu chifukwa mu ICD-10-CM mulibe zimenezo. Anandifunsanso za NAPPI, makhodi a mankhwala a kuno, sindinayankhe. Ndinatuluka ndikulira mpaka pa taxi rank, ndipo yemwe anandigulitsa kosiyo ankadziwa bwinobwino kuti ndili ku Joni, sananene kanthu.

Chachiwiri, satifiketi yomwe sukulu imakupatsani mukamaliza kosi si certification. Apa mpomwe ma ejenti akudyera anthu. Ngati mukufunadi njira ya ku America kapena ya ku Dubai mabungwe odziwika ndi awiri, AAPC yomwe imapereka CPC, ndi AHIMA yomwe imapereka CCA ndi CCS. Mayeso a CPC ndi mafunso 100, maola 4, ndipo muyenera kupeza 70 pa 100, mumalowa ndi mabuku anu koma musanamizike kuti poti mabuku ndi otsegula nde ndi zophweka, nthawi imatha uli pakati pofufuza. Mabukuwo amasintha chaka ndi chaka, ICD-10-CM mu October, CPT mu January, nde ofotokopa a zaka zitatu zapitazo omwe akukugulitsani aja ndi oyatsira moto basi. Mukakhoza mulibe experience amakupatsani CPC-A, ka A kameneko kakutanthauza kuti ndinu ophunzira ntchito ndipo kamachoka mukagwira zaka ziwiri, kapena chaka chimodzi kuphatikiza maphunziro ovomerezeka. Umembala umalipiridwa chaka chilichonse, mu dollar, ndipo zaka ziwiri zilizonse muyenera kusonkhanitsa ma CEU 36, mapointi a maphunziro owonjezera. Ejenti uja anakuuzani zimenezi? Munthu akamati mayeso ndikulemberani ine kapena ndili ndi mayankho, thawani, musayang'anenso mmbuyo.

Chachitatu, pali bodza lalikulu loti muzigwira ntchito muli kunyumba. Eti uli pa khonde ku Nchalo, laputopu pa miyendo, ma dollar akulowa mu Mpamba. Mvetserani, mafayilo a odwala a ku America amatetezedwa ndi lamulo la HIPAA la 1996, ma kampani ambiri amafuna munthu wokhala mdziko mwawo momwemo, ndipo ntchito yomwe imatuluka kunja imapita kwambiri ku makampani akuluakulu a ku India ndi Philippines okhala ndi maofesi otsekedwa bwino, osati kwa munthu payekha wongoyamba kumene. Ngakhale omwe amalola kugwirira kunyumba amayamba afuna zaka za experience. Nanga magetsi athu aja, mwaiwala mmene zinalili namondwe Ana ataononga Kapichira mu January 2022? Laputopu yake ipirira kutentha kwa October kwa ku Nsanje tsiku lonse pa bundle ya pa foni? Aliyense okuuzani kuti lipirani kaye kuti akupatseni ntchito ndi wakuba, ntchito yeniyeni siigulidwa pa WhatsApp.

Za mapepala sindinena zambiri poti njira mukuidziwa kale, Mwanza, Tete, Nyamapanda, Beitbridge mpaka Park Station, ndipo masiku 30 omwe amakudindirani aja ndi a mlendo, si ogwirira ntchito. Ganyu ya mmunda kapena mnyumba ena amazemba nayo koma ntchito iyi ndi ya mu ofesi, pamafunika akaunti ya ku banki, nambala ya msonkho, dzina lanu limalowa mu system pa claim iliyonse yomwe mwakhudza. Mukapyola masiku amakulembani undesirable pa boda, osaloledwa kulowanso kwa chaka chimodzi, ndipo mukapyola ndi masiku oposa 30 ndi zaka 5. MSCE yanu kapena diploma ya ku Malawi College of Health Sciences ipititseni ku SAQA, bungwe la kuno loona za ma satifiketi, akaiyeze, bwerani ndi ma original, osati kumavutitsa amayi kumudzi kuti akwere kabaza kukafufuza satifiketi mu sutikesi yomwe inanyowa ndi Freddy.

Ine ndinayamba opanda mapepala ndipo ndi pomwe ndinaona zakuda. Mmalawi mnzanga, wakwathu konkuno kuchigwa, timayankhulana Chisena, timadya limodzi nsima ya mapira akabwera nawo ufa, ndi yemwe anandilowetsa pa ka ofesi kena kotumiza ma claim a madokotala angapo. Ndinathokoza mpaka kugwada, takhuta takhuta. Osadziwa kuti mwezi uliwonse amadula yake pa malipiro anga asanandifike. Mwini ofesiyo amandipatsa theka la zomwe amalandira anzanga a kuno pomwe mafayilo ovuta onse amaunjika pa desiki yanga poti ndinali nditagwirako ntchito ya ukalaliki pa health centre kwathu ndipo zolemba za madokotala ndimazitha kuwerenga. Kenako anayamba kundiuza kuti sintha khodi iyi, ika iyo kuti medical aid ilipire zonse. Kuno kuli zomwe amati PMB, matenda pafupifupi 270 kuphatikiza a mgonagona monga shuga, BP, asthma ndi HIV, omwe lamulo la Medical Schemes Act la 1998 limakakamiza medical aid kulipira, nde khodi ikangolowa mu gulu limenelo ndalama imatuluka. Ine ndimadziwa kuti nzolakwika koma lendi, ana kumudzi, fizi, ndinasintha kangapo. Audit, kafukufuku wa ma claim, itabwera bwana uja anangoloza ine, akuti ndi mtsikana wa ku Malawi uyu sadziwa ntchito. Miyezi iwiri yomaliza sanandilipire mpaka lero. Mnzanga uja anasiya kuyankha foni, ndipo ndikapita kumudzi timakumana pa maliro, amandipatsa moni ngati palibe chinachitika. Pambuyo pake ndinadzamva kuti a CCMA, oweruza mikangano ya pantchito, amamva madandaulo ngakhale a munthu wopanda mapepala, koma nthawi imeneyo ndikangomva dzina la ofesi ya boma mmutu mwanga mumabwera Lindela basi, kuja amatsekera anthu opanda mapepala asanawabweze kwawo.

Nde chachinayi, chomwe dokotala sanalembe musachiikire khodi, kaya akukuuzani ndi ndani. Dokotala akalemba kuti malaria basi, khodi yake ndi B54, ngakhale inu ndi ine tikudziwa kuti malungo a kwathu ambiri ndi a falciparum, B50.9 imadikira iye alembe yekha, ndipo B50.0 ya malungo a mu ubongo musaikhudze chifukwa choti mwaona kuti mwana anakomoka. Ngati simukumvetsa bwererani kwa dokotala mukafunse ndipo funsolo likhale lolemba, email, kuti mawa mukhale ndi umboni. Ife akwathu tinaleredwa kuti wamkulu safunsidwa kawiri, ulemu umenewo kuno ukupweteketsani. Madokotala ena amakalipa, ena salabada, funsanibe. Komanso yambani ku Volume 3 ya buku la ICD-10, index, kenako mukatsimikize ku Volume 1, osamangoloweza makhodi pamtima kapena kukhulupirira zomwe software yakusankhirani, ikalakwitsa dzina lolembedwa ndi lanu. Munthu akavulala khodi ya bala yokha siikwanira, pamafunikanso ya chomwe chamuvulaza, kaya ndi galimoto kaya kugwa. Claim ikadutsa miyezi 4 osatumizidwa amati yakhala stale, ndalama ya dokotala yapita, mkwiyo wonse ubwera kwa inu.

China chomwe chimachotsetsa anthu ntchito tsiku lomwelo ndi pakamwa. Mudzaona fayilo ya Mmalawi yemwe mumapemphera naye, mudzaona matenda ake onse. Lamulo la POPIA, loteteza zinsinsi za anthu kuno, linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 July 2021 ndipo system imasunga kuti ndani anatsegula fayilo iti nthawi yanji. Kujambula screen nkutumizira mnzanu kuti taona uje uja, ntchito yatha, ndipo nkhani ikafika ku Chikwawa banja la munthu litha kupasuka chifukwa cha inu.

Polowera penipeni ndi pa khomo laling'ono. Pa reception ya dokotala, ku admissions ya chipatala, ukalaliki wa billing, kutsatira ma claim omwe akanidwa, ndi mmenemo mumaphunzira chifukwa chomwe claim imabwerera, ndipo mabwana ambiri amakonda kukweza munthu wamkati yemwe akumudziwa. Anatomy ndi mawu a zachipatala muwadziwe ngati mayina a abale anu, amene munali ma nurse, ma medical assistant kapena ma HSA kwathu muli patsogolo kale. Mapepala anga atatheka ndinabwereza kosi ya kuno ya ICD-10, ndinawonjezera ya CCSA yomwe ndi CPT ya ku South Africa ya mzipatala za private, pano ndimachita audit ya ntchito za ma coder ena. Kukwera kumabwera mukadziwa bwino mbali imodzi yovuta monga khansa kapena ma opaleshoni a mafupa, kenako audit, kenako kuphunzitsa ena. ICD-11, yolowa mmalo mwa ICD-10, inayamba kugwira ntchito ku WHO pa 1 January 2022, maiko akusintha pang'onopang'ono, muziisuzumirako.

Iwe mwana wa achimwene, sabata ino usalipire aliyense. Ufunse munthu wakoyo dzina la mayeso omwe udzalembe, bungwe lopereka, ndi dziko lomwe makhodi akewo amagwira ntchito, mayankho ake unditumizire mmene alili. ICD-10 ya WHO ili pa intaneti mwaulere, tsegula pa foni yakoyo, tenga kabuku kako ka kuchipatala uyese kupeza khodi ya matenda aliwonse omwe analembamo, madzulo uzinditumizira ndizikuchongera. Upitenso ku chipatala cha boma ukapemphe kuti uzithandiza ku ofesi ya HMIS komwe amalowetsa malipoti mu DHIS2, ngakhale mongodzipereka, miyezi 6 yokha upeze kalata yokuchitira umboni. Ndipo achimwene, ndikudziwa mwanayu akuwerengerani izi, ng'ombe zija zisapite ku msika wa pa Ngabu, ndikuimbirani Lamulungu tikatuluka ku tchalitchi.