Nyenyezi sinazime: kodi olosera ananama?

Achimwene, mwati munaona mapu olosera kuti asiteroidi iphimba nyenyezi, mzere wake unadutsa kwanuko, munakhala panja ndi telesikopu mpaka udzudzu kukumalizani, koma nyenyeziyo sinaphethire n'komwe. Ndiye mukufunsa ngati oloserawo ananama. Sananame ayi. Ndikuona ngati mapuwo munawatenga ngati a kadamsana wa dzuwa, amene amachitika ndendende pomwe anenera. Za miyalayi sizili choncho.

Asiteroidi ndi chimwala chozungulira dzuwa, ndipo zambiri zili pakati pa mapulaneti a Mars ndi Jupiter. Chikadutsa pakati pa ife ndi nyenyezi, mthunzi wake umagwera padziko. Poti nyenyezi ili kutali zedi, mthunziwo umakula pafupifupi ngati mwala weniweniwo. Mwala wa makilomita 40, mthunzinso makilomita 40, basi. Kamzere kopyapyala kotero kangodutsa boma loyandikana ndi lanu, inu mwatsala.

Tsegulaninso mapu aja. Ngati ndi a pulogalamu ya OccultWatcher, muona mzere wobiriwira pakati, iwiri ya buluu m'mbali, ndi iwiri yofiira kunja kwake. Wobiriwira ndi pomwe akuganiza kuti pakati pa mthunzi padutsa. Ya buluu ndi m'mphepete mwa mthunzi. Yofiirayo ndiye anthu ambiri saiyang'ana, chonsecho nkhani yagona pamenepo. Imeneyo ndi olosera akuvomera okha kuti sakudziwa bwinobwino pomwe mwalawo uli, ndipo mthunzi ukhoza kusunthira uku kapena uko. Amaitcha 1-sigma. Mwa maulendo atatu, pafupifupi awiri mthunzi sudumpha mizere yofiira, koma ulendo wachitatuwo umadumpha ndithu. Mukaona yofiira yatalikirana kwambiri ndi ya buluu, dziwani kuti ngakhale mutaima pa wobiriwira penipeni, mwayi wanu ndi wochepa.

Kale vuto linali pawiri, malo a nyenyezi ndi njira ya mwala. Setilaiti ya Gaia ya ESA, bungwe la za m'mlengalenga la ku Ulaya, yomwe inaulutsidwa mu Disembala 2013, inayeza malo a nyenyezi zoposa biliyoni imodzi, ndipo chitulukireni zotsatira zake mu Epulo 2018 mbali ya nyenyezi inakhazikika. Chatsala ndi njira ya mwalawo, makamaka ukakhala waung'ono, wakutali, kapena wongotulukiridwa kumene.

Musadzione ngati mbuli, akatswiri a NASA zinawaonekeranso. Pa 3 Juni 2017 anamwaza magulu ku South Africa ndi ku Argentina kukadikira mthunzi wa Arrokoth, kamwala ka makilomita pafupifupi 35 komwe kali kutali kupitirira pulaneti ya Neptune. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anauona. Anabwerera, n'kukonza masamu awo, ndipo pa 17 Julayi anaika matelesikopu oposa 20 ku Patagonia, kumwera kwa Argentina, mondondozana ngati mitengo ya mpanda, kuti mthunzi ukaphonya uyu ugwere uyo. Asanu okha ndi amene anaona nyenyezi ikuzima. Koma asanuwo anakwanira kuonetsa kuti mwalawo uli ngati miyala iwiri yomatana, ndipo chombo cha m'mlengalenga cha New Horizons chitadutsa pafupi nawo pa 1 Januwale 2019, zithunzi zinaonetsa zomwezo.

Komabe tisangonamizira mthunzi, mwina vuto linali kwanu. Nthawi ya pa mapu ndi ya UT, nthawi imodzi ya dziko lonse lapansi, ndipo kuno ku Malawi timawonjezera maola awiri. Apa pali msampha umene unandikola ine. Analemba 22:40 UT pa tsiku lakuti, ine n'kuwonjezera maola awiri bwinobwino, n'kupeza 00:40, koma n'kuiwala kuti tsiku nalo lasintha. Ndinatuluka usiku wolakwika, nditavala juzi ziwiri, tiyi ali m'fulasiki, kudikira chinthu cha mawa lake.

Onaninso manambala atatu awa. Pomwe alemba Max Duration ndi masekondi amene nyenyezi izime kwa munthu amene ali pakati penipeni pa mthunzi. Amene ali cha m'mphepete amaona ochepa kuposa pamenepo. Akalemba sekondi imodzi, kungophethira kapena kupha udzudzu patsaya, zadutsa. Pomwe alemba Mag Drop ndi kuchepa kwa kuwala. Asiteroidi nayo imawala ndi dzuwa, choncho nyenyezi ikabisika mumatsala mukuona mwalawo. Nambala ikakhala 3 kapena 4, kadontho kamasowa mooneka. Ikakhala 0.3, maso anu sangazindikire kanthu, pamafunika kamera. Yachitatu ndi kuwala kwa nyenyeziyo: nambala ikamakula ndiye kuti nyenyezi ikuzilala. Maso paokha amalekera cha pa 6, pomwe zambiri za m'maulosiwa zili pa 10 kupita m'tsogolo. Ndipo kunena zoona, m'dera lodzaza tinyenyezi n'kosavuta kukhala ukuyang'anitsitsa nyenyezi yolakwika usiku wonse.

Ngati nthawi inali yolondola, nyenyezi inali yomweyo, kumwamba kunalibe mitambo, ndiye kuti muli ndi zotsatira, osati mwalephera. Kusazima kwa nyenyezi pamalo panu kukunena kuti mwalawo sunafike pamenepo, ndipo a IOTA, bungwe losonkhanitsa zimene anthu aona pa kuphimbika kwa nyenyezi, amalandira malipoti otere chifukwa amaika malire a kukula kwake. Aliyense amene waona kuzima amapereka kamzere kamodzi kodutsa pamwalapo. Mizere ikaphatikizidwa, pamodzi ndi ya amene sanaone kanthu, maonekedwe a mwala amatuluka.

Ulendo wina jambulani vidiyo, wotchi yanu muilondoletse ndi GPS, ndipo muyambe mphindi zingapo nthawi isanakwane, n'kupitirizanso itadutsa. Pa 3 Juni 2013 anthu ku South America ankadikira mthunzi wa mwala wina wotchedwa Chariklo, ndipo nyenyezi inaphethira pang'ono mwala usanafike komanso utadutsa. Ndi mmene anatulukira kuti uli ndi mphete ziwiri.

Tiikireni chithunzi cha mapu anuwo pano, pamodzi ndi manambala ake ndi ola lomwe munatuluka panja, tione limodzi pomwe panakhota.