Yankho langa kwa achimwene pa za chisankho ndi kolona (Febuluwale 2021)

Achimwene, mwaswera bwanji ku Joni kumeneko? Alamu ndi ana ali bwanji? Kuno tilipo. Amayi ndinalankhula nawo dzulo, alipo, akungodandaula miyendo ija. Funso lanu mwaponya pagulupu m'mawa lija ndaliona, ndiye ndati ndisalembe, ndingolankhula kuti ndi ena onse amve. Mukuti ife kuno tinakana m'bindikiro, chaka chatha tinkadzazana m'misonkhano ya ndale ngati kunja kulibe matenda, lero nduna zikumwalira, maliro ali ponseponse, kodi si chisankho chathu chija chatiphetsa? Ndikudziwa kuti mwafunsa mtima ukuwawa, poti inu kumeneko munatsekeredwa zenizeni, asilikali ali mumsewu, ntchito itaima. Ndiye mundimvere mpaka kumapeto, italikirapo pang'ono.

Kuti mumvetse chifukwa chimene anthu anakanira m'bindikiro, muyambire pa 21 Meyi 2019, kolona asanamveke n'komwe. Tinavota, a Jane Ansah, wapampando wa bungwe loyendetsa zisankho, n'kulengeza kuti a Mutharika apambana ndi 38.6 peresenti, a Chakwera 35.4, a Chilima 20.2. Mapepala a zotsatira ambiri anali ofufutidwa ndi tipeksi, ena anali madupuliketi. Kuchokera pamenepo dziko silinagonenso tulo. Mademo a bungwe lomenyera ufulu wa anthu la HRDC mwezi ndi mwezi, mashopu kutsekedwa, utsi wokhetsa misozi mpaka kumalowa m'makalasi. Kenako pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu aja, a Potani, a Kamanga, a Kapindu, a Madise ndi a Tembo, anawerenga chigamulo tsiku lathunthu, ife makutu ali pa wailesi kuyambira m'mawa mpaka mdima. Anafafaniza chisankho cha pulezidenti, n'kulamula kuti chichitikenso pasanathe masiku 150, ndipo wopambana azipeza mavoti oposa theka, 50+1 ija.

Tsono taganizani. Khothi langonena kumene kuti mtsogoleri uyu sanasankhidwe moyenera. Pa 20 Marichi mtsogoleri yemweyo akulengeza kuti dziko lili pangozi, misonkhano ya anthu oposa 100 yaletsedwa, sukulu zitsekedwe pa 23. Nthawi imeneyo kuno kunalibe ndi mmodzi yemwe wopezeka ndi matendawa, atatu oyamba anadzapezeka pa 2 Epulo. Ine ndimaona kuti kutseka msanga kunali ndi nzeru zake, chifukwa tinkaona zimene zinkachitika ku Italy. Koma munthu wamba anamva zina. Anamva kuti akuluakuluwa apeza pothawira chisankho. Uthenga unali woona, koma wounenayo anthu anali atasiya kale kumukhulupirira.

Ndiye inabwera ya m'bindikiro. Pa 14 Epulo analengeza kuti kuyambira pa 18 tonse tikhale m'nyumba masiku 21, mpaka pa 9 Meyi. Achimwene, inu Ndirande mukuidziwa, Bangwe mukuidziwa, Mbayani munakhalako. Munthu wa kabaza akapanda kutuluka lero, madzulo kunyumba kwake moto suyaka. Mayi wa mandasi, mnyamata woitanira minibasi, wa ganyu yosenza katundu mu Limbe, onsewo amadya zimene apeza tsiku lomwelo. Ufa amagula kawokumani ka tsiku limodzi, makala a tsiku limodzi, madzi amakatunga pa kiyosiki ndi ndalama ya m'manja. Munthu wotereyu mukumuuza kuti akhale m'nyumba milungu itatu, mwamupatsa masiku anayi okha okonzekera, ndipo simunamuuze kuti adya chiyani. Mavenda anatuluka m'misewu ku Limbe, ku Mzuzu ndi kwina. Sikuti ankati matenda kulibe ayi, ambiri ankangonena kuti njala iwapha kolona asanawapeze. A HRDC anathamangira ku khothi, ndipo pa 17 Epulo woweruza Kenyatta Nyirenda anapereka chiletso.

Apa mumvetsetse ndondomeko yake. Za K35,000 pa mwezi ya mabanja 172,000 a m'mizinda zinalengezedwa kumapeto kwa Epulo, khothi litaletsa kale. Ndiye kuti anayamba n'kutseka chitseko, za chakudya n'kudzaganiza pambuyo. Ndipo m'dera lathu lino chaka chinatha ine osamva munthu akuti walandira. Chikhala kuti anayamba ndi ndalamazo, anthu n'kuziona m'foni mwawo, mwina nkhani ikanakhala ina. Kwanuko boma linali ndi mphamvu yopereka R350 ya pa mwezi ija kwa anthu osowa ntchito, komabe inu alendo ambiri simunainunkhe. Si chifukwa chake abale athu anadzaza mabasi kubwerera kudzera pa Mwanza? Anafika atatopa, ndalama zitatha, n'kukawaunjika pa Kamuzu Stadium popanda chakudya chokwanira ngakhale zimbudzi zabwino, ndipo kumapeto kwa Meyi oposa 400 anatulukamo n'kubalalikira kumakwawo. Ine anthu amenewo sindiwaloza chala. Amene anayenera kukonza malo owalandirira ndiye analephera.

Ndiye pa m'bindikiro ndikukuyankhani mosabisa: khothi linachita bwino, ndipo mpaka lero maganizo anga ndi omwewo.

Koma pa za misonkhano ndili mbali yanu, ndipo apa mtima wanga umawawa. Mbali zonse ziwiri zinalakwa. Pa Njamba, pa Masintha, m'mabwalo a m'maboma, anthu ankabwera atapanikizana m'malole, kuimba, kuvina, mapewa kugundana, masiki osaoneka. Mbali ya boma inkati chisankho chidikire chifukwa cha mliri, koma iwo omwewo ankachititsa misonkhano yodzaza, ndipo mu Juni anayesa kutumiza kutchuthi mkulu wa makhothi a Andrew Nyirenda patatsala masiku ochepa kuti tivote. Munthu ukaona zimenezo ungakhulupirire bwanji kuti chikuwadetsa nkhawa ndi moyo wako? Nayo mbali yotsutsa inali ndi anthu amene ankaima pa nsanja n'kumauza gulu kuti manambala a odwala ndi ophika, kolona ndi bodza la boma. Ankafuna mavoti, ndipo anawapeza, koma mawu amenewo sanathere pa bwalo. Analowa m'mitu ya anthu, anafika mpaka kumudzi kwa amayi. Matenda anavekedwa nsalu ya chipani. Ukavala masiki mu minibasi ankakuyang'ana ngati wanena kale amene ukamuvotere. Madokotala ndi anamwino, amene mu Epulo anachita kunyanyala ntchito kuti apatsidwe zodzitetezera, mawu awo anamira m'phokoso limenelo.

Mwina mufunsa kuti bwanji osangochiimitsa chisankhocho. Ine funso langa ndi lakuti mpaka liti? Lero ndi Febuluwale 2021, matenda akadalipo, akulirakulira. Khothi la Supreme linali litatsimikiza chigamulo chija pa 8 Meyi. Tikanati tidikire mliri uthe, bwenzi mpaka lero tikulamulidwa ndi boma limene makhothi awiri anati silinasankhidwe bwino, ndipo anthu akanabwerera m'misewu. Gulu la mademo ndi gulu la kampeni kwa kachilombo n'chimodzimodzi, kusiyana kwake n'kwakuti pa mademo pamakhalanso miyala ndi zipolopolo. Chimene chikanatheka n'kuchita kampeni mwanjira ina, pa wailesi, khomo ndi khomo, timisonkhano ting'onoting'ono, atsogoleri onse n'kugwirizana mawu amodzi pa za matenda. Palibe anafuna, aliyense ankafuna chithunzi cha bwalo lodzaza.

Tsiku lovota lenilenilo, pa 23 Juni, ine ndinagwira nawo ntchito pamalo ena oponyera voti, monga mukudziwa kuti aphunzitsi amatitenga. Pamalo pathupo panali ndowa za mpopi ndi sopo, mizere inali panja pamphepo, munthu amavota n'kumapita. Madzulo tinawerenga mamonita a zipani zonse akuona, aliyense n'kusaina, pepala loyera lopanda chofufuta. A Ansah anali atatula pansi udindo mu Meyi, pampando pali a Chifundo Kachale. A Chakwera anapeza mavoti 2.6 miliyoni, a Mutharika 1.75 miliyoni, ndipo mfuti sinalire. Chimenecho ine ndimachinyadira, achimwene, ndipo sindilola kuti munthu achipeputse.

Tsopano tibwere pa manambala, chifukwa funso lanu lagona pamenepo. Pamene tinkavota, opezeka ndi matendawa anali asanafike 1,000. Pamene Julayi ankatha anali atadutsa 4,000. Apo sindingatsutse, kampeni inathandizira, pamodzi ndi chisokonezo cha m'malire chija komanso nyengo yozizira. Mwambo wa pa 6 Julayi umene unayenera kuchitikira pa Bingu Stadium anachita kuusamutsira ku Kamuzu Barracks ndi anthu ochepa. Koma kuchokera Sepitembala mpaka Novembala kunakhala bata, odwala anachepa kwambiri. Chaka chonse cha 2020 omwalira amene boma linawerenga sanafike 200. Januwale yekhayu watenga anthu oposa 500. Nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, anamwalira tsiku limodzi, pa 12 Januwale, patatha miyezi yoposa isanu ndi umodzi chivotereni. Funde ili labwera ndi maulendo a Khirisimasi, maukwati, mapwando, komanso mtundu watsopano wa kachilombo umene unalengezedwa kwanuko mu Disembala, wofala msanga uja. Ndiye kunena kuti chisankho ndicho chapha anthu mu Januwale, ayi, masiku ake sakugwirizana.

Chimene chisankho chinatisiyira n'china. Chinatisiyira anthu osakhulupirira. Amene anauza anthu kuti matenda ndi bodza, ena a iwo lero ali m'boma, akupempha anthu omwewo kuti avale masiki, asadutse 50 pamaliro, 9 koloko usiku ikawapeze ali m'nyumba. Anthu akuti, si inu nomwe munkati kulibe? Mawu oti munthu anawalankhula pa nsanja ndi chimkuzamawu sabwezeka ndi chikalata cha unduna. Ine ndikanakonda mmodzi wa iwo aimirire pa wailesi anene kuti tinakunamizani, tikhululukireni, matendawa alipo. Zikanathandiza kuposa apolisi othamangitsa anthu m'misika.

Ndiponso miyezi ya bata ija boma latsopanoli linaigona. Ine ndinavotera kusintha, sindibisa, n'chifukwa chake ndili ndi pakamwa pofunsira. Inali nthawi yogula masilinda a okosijeni, yokonza mabedi, yolemba anamwino ntchito. Januwale atafika, anthu ankamwalira akusowa mpweya, abale akuthamanga uku ndi uku kusaka silinda. Zipatala zapadera za pa Bingu Stadium ndi ku State House ya ku Zomba anazikonza maliro atachuluka kale. Amalawi wamba, ena a kunja ngati inu, anachita kusonkherana pa Facebook kuti agule zipangizo za m'zipatala. Lero tikumva za K6.2 biliyoni ya kolona imene akulephera kuifotokoza bwino, yambiri akuti inathera m'maalawansi ndi m'misonkhano. Ena ayimitsidwa ntchito, chabwino, koma ine ndikufuna ndione ndalama zikubwezedwa ndi anthu akuyankha m'khothi. Tinayenda m'misewu chifukwa cha tipeksi, sitingakhale chete pa ndalama za odwala chifukwa choti odyawo ndi amene tinawavotera. Za feteleza wa K4,495 anakwaniritsa, ngakhale anthu anagona m'madepoti chifukwa cha netiweki, ndipo chimanga cha amayi chaka chino chikuoneka bwino. Zimenezo ndiyamika. Koma sizifafaniza funso la biliyoni zija.

Pali china chimene pa kampeni yonse sindinamve akuchikambirana mozama, ndipo kwa ine monga mphunzitsi ndi bala lalikulu. Ana. Misika inali yotsegula, mabala otsegula, misonkhano ya ndale yodzaza, koma sukulu zokha ndizo zinakhala zotseka kuyambira Marichi mpaka Sepitembala, makalasi ena mpaka Okutobala. Anati aziphunzira pa wailesi ndi pa intaneti. Mwana wa kumudzi kwathu intaneti aitenga kuti? Wailesi yake ndi ya bambo, mabatire ake ndi osungira nkhani ndi mpira. Titatsegula, m'kalasi mwanga munali mipata. Ukafunsa kuti uje ali kuti, anzake amangoyang'ana pansi, kenako wina n'kunong'ona kuti ali ndi pakati, wina anakwatiwa, wina anapita ku ganyu ya fodya. Atsikana a sitandade 7, achimwene, ana oti ndinawaphunzitsa kugwira pensulo. Amenewo m'manambala a kolona amene amalengeza madzulo aja mulibe. A Fomu 4 nawo mayeso awo anabedwa mu Novembala, n'kuwalembetsanso mu Januwale mliri uli pachimake. Pano tatsekanso. Chipani chilichonse chinali ndi nthawi yolonjeza ntchito 1 miliyoni kapena misewu, koma ndondomeko yobwezera mwana wamkazi m'kalasi sindinaimve pa nsanja iliyonse.

Ndiye achimwene, pempho langa ndi ili, ndipo alamu amve nawo. Akuti katemera afika mwezi wamawa. Mauthenga oopseza anthu ayamba kale kuzungulira, ena afika ndi pagulupu pano, akuti katemera ndi wa satana, akuti ndi wotseketsa kubereka. Chonde, aliyense pano, tisamangotumiza zinthu zimene sitikudziwa kumene zachokera. Amayi ali ndi BP, zaka zawo mukuzidziwa, ndipo maliro alionse a m'mudzi iwo amakhala kutsogolo, kugona komweko m'nyumba yodzaza. Ndawauza kangapo koma amati mwambo sulola. Inu amakumverani kuposa ine. Muwaimbire Lamlungu likubwerali akaweruka ku tchalitchi, muwauze kuti pamaliro azikapepesa masana n'kubwerako, masiki asamachotse, ndipo katemera akafika pachipatala chathu chija akabayitse. Za ulendo wanu wa Pasaka, ngati mukubweradi, muyezetse musananyamuke, ndipo mukafika mudzayambe mwakhala kuno kwathu masiku angapo musanapite kumudzi. Chipinda chilipo. Mundiyankhe mukaweruka kuntchito.